Nsomba za m'nyanja ya Mozambique: ndani akugwira, ndipo zatsala zingati

Gombe la Mozambique limayambira pamene mtsinje wa Rovuma umathira m'nyanja kumpoto mpaka ku Ponta do Ouro kumwera, mtunda woposa makilomita 2,400. Kuchoka pagombe kulowa m'nyanja yamchereyi, dzikolo lili ndi ufulu pa nsomba za m'madzi ofika makilomita pafupifupi 370, malinga ndi pangano la malamulo a panyanja la bungwe la United Nations la 1982. Ndi madzi ambiri zedi, ndipo ambiri akamva izi amaganiza za zombo zikuluzikulu. Koma pa nsomba khumi zilizonse zofika pagombe, pafupifupi zisanu ndi zinayi zimabwera ndi asodzi ang'onoang'ono, a mabwato, mbedza ndi makoka okokera pamchenga.

Pa za usodzi, chuma chimene boma lakhala likudalira kwambiri potumiza kunja ndi ma prawn, tinyama ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu, amene kumeneko amawatcha camarão. Ambiri amagwidwa pa Sofala Bank, dera losaya lotambalala kufupi ndi Beira, Quelimane mpaka cha ku Angoche. Ma prawn amaswana kunyanja, koma ana ake amakulira m'matope a m'nkhalango za mangrove, mitengo yomera m'madzi m'mphepete mwa nyanja, pamene madzi a Zambezi amakumana ndi amchere. Madzi osefukira ndi amene amawakankhira kunja. Damu la Cahora Bassa pa Zambezi litamalizidwa mu 1974, kusefukira kuja kunasintha, ndipo ma prawn nawo anamva.

Ife ogwira ntchito yoyeza nsomba sitimayang'ana matani okha. Matani amanamiza. Chombo chikhoza kubweretsa katundu wofanana ndi wa chaka chatha, koma chakoka ukonde maola owirikiza kawiri. Chimene timafunsa ndi ichi: pa ola limodzi lokoka, mwatuluka makilogalamu angati, ndipo ndi aakulu bwanji? Poyeza motere, ma prawn a pa Sofala Bank akhala akuchepa kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake boma limatseka usodziwu kwa miyezi ingapo nyengo ya mvula.

Vuto lina lili pagombe penipeni. Mukaima m'mawa pamene khoka likufika, mudzaona kuti kuthumba kwake ena amasokererako neti yogona yoteteza ku udzudzu. Mabowo ake sadutsa ngakhale kansomba kochepa ngati chikhadabo. Amayi amayanika tinthu timeneti padzuwa, tina mwa ito ndi ana a ma prawn omwe zombo zikudikira kunja. Kuwadzudzula n'kosavuta, koma munthu amene alibe ndiwo madzulo ano samva za kuswana kwa chaka chamawa. Zombo zokoka ukonde pansi pa nyanja nazonso si zoyera m'manja: pofuna ma prawn zimakolera nsomba zambiri zimene sizinazifune.

Nanga tuna, nsomba yaikulu ya kumadzi akuya? Wakhala akugwidwa makamaka ndi zombo zakunja zolipira ziphaso. Mu 2013 kampani ya boma ya Ematum inabwereka madola 850 miliyoni a ku America, ikunena kuti igula zombo zogwirira tuna. Zombo 24 zinabweradi kuchokera ku France, koma zambiri zinangokhala padoko la Maputo n'kuchita dzimbiri, ndipo ngongoleyo inakhala mbali ya ngongole zobisika zimene zinaululika mu 2016, IMF n'kuyimitsa thandizo lake.