Mmene thandizo la akunja linayambira kudzera khomo limodzi

Okalamba a ku Kanyama, komboni ya mu mzinda wa Lusaka ku Zambia, akamati "chaka cha madzi" amanena 1978, pomwe mvula inadzaza komboni yonse, nyumba za zidina n'kusungunuka ngati mchere. Malowa ali pa thanthwe la laimu ndipo madzi apansi ali pafupi, choncho mvula ikalimbika amasowa kolowera, n'kutumphukira m'zimbudzi ndi m'zitsime. Panakhazikitsidwa thumba lothandiza ovutikawo, anthu anasonkha, koma mpaka lero ena amafunsabe kumene ndalamazo zinathera.

Chimene chinatsegula maso ndi chilala cha 1992. Chimanga chachikasu chinabwera kuchokera kunja, mabungwe ali mbwee, lililonse ndi mndandanda wakewake wa maina. Ogawa akachuluka popanda wowalondolera, mudzi wa m'mbali mwa msewu umalandira kawiri, wa kuseri kwa phiri osaona ndi thumba limodzi lomwe. Mu 1994 boma linatsegula DMMU (Disaster Management and Mitigation Unit), nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti, ndipo lamulo la 2010 linaipatsa mphamvu zolondolera ntchito yonseyi, kuti thandizo lizidzera khomo limodzi.

Khomolo limathanso kutsekedwa. Mu 2002, njala ili pakhosi, Pulezidenti Levy Mwanawasa anakana chimanga cha thandizo cha GMO, chosinthidwa chibadwa ndi asayansi, ndipo mkangano wake sunazirale.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti khomo limeneli linazolowera unga, mabulangete ndi matenti. Mu 2010 mabanja osamutsidwa ndi madzi anakagona m'matenti ku Independence Stadium. Madzi ataphwa, ambiri anabwerera komwe kuja, n'kuumbanso zidina pa dothi lomwe lija, mzera wa matope ukuonekabe pakhoma kulekeza m'mawondo. Kumanganso kumafuna ndalama za zaka zambiri, osati za sabata imene makamera ali pamalopo. Umboni ndi ngalande ya Bombay ya mu Lusaka, yomwe inakonzedwa ndi gawo la ndalama pafupifupi madola 355 miliyoni zochokera ku Millennium Challenge Corporation ya America. Ntchitoyo inatenga zaka zisanu, kuyambira 2013 mpaka 2018.

Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atapserera m'minda. Mayiko ndi mabungwe anadzeranso khomo lomwelo. Ku Kanyama, mwezi wa Okutobala ukafika, amayi amayambabe kudzaza mchenga m'matumba a unga n'kusanja pakhomo.