Timasonkhera maliro, nanga matenda?

Mwezi wathawu anabwera nawo agogo ena a ku Mufakose pachipatala chomwe ndimagwirapo unamwino, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa, kukamwa kutapotoka. Mdzukulu wawo anatulutsa kathumba ka mankhwala. Mapiritsi onse a BP anali odula pakati ndi mpeni. Nditafunsa, agogowo anayankha movutikira: "Mwanangu, ndimati andifikitse mwezi wamawa." M'chikwama momwemo munali kabuku ka sosaite ya maliro, kosainidwa mwezi ndi mwezi, osadumpha ngakhale umodzi.

Sindikuwadzudzula ayi. Makolo athu atabwera kuno ku Zimbabwe kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mayadi, analibe mudzi pafupi woti uwaike m'manda. Ndiye anasonkherana, ndipo mpaka lero ku Mbare, Mabvuku ndi Dzivarasekwa mumzinda wa Harare bokosi silisowa. Inshulansi ya zaumoyo ndi nzeru yomweyo basi. Anthu ambiri amaponya kangachepe akadali bwino, ndipo ochepa omwe adwala chaka chimenecho amatapamo. Chinsinsi chake n'chakuti athanzi nawonso akhalemo. Mukalowa odwala okhaokha, thumba limauma msanga.

Pakali pano thumba lotere lili ndi mabungwe a medical aid monga PSMAS, Cimas ndi First Mutual, koma amafikira pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliwonse, makamaka olembedwa ntchito. Ngakhale iwowo amadziwa kuwawa kwa shortfall: dokotala watchula mtengo wake, bungwe lalipira gawo chabe, yotsalayo uione wekha. Mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika, kondakitala wa kombi, mlonda wolipidwa pamanja, onsewa amatulutsa za m'thumba tsiku lomwe adwala, tsiku lomwenso sangathe kugwira ntchito.

Papepala zinthu zili bwino ndithu. Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limati munthu ali ndi ufulu wolandira chithandizo choyambirira, ndipo wodwala mwakayakaya asabwezedwe pachipatala chilichonse. Ana osafika zaka zisanu, amayi oyembekezera ndi okalamba opitirira zaka 65 sayenera kulipira m'zipatala za boma. Agogo aja anali m'gulu limenelo. Koma shelefu ikakhala mbee, ulerewo umathera pa kapepala komwe timakulemberani kuti mukagule ku famase. Fodya ndi uyu ali pamphuno.

N'chifukwa chake boma likamakamba za inshulansi ya dziko lonse, ife anamwino timafunsa kaye kuti ndalama zichokera kuti. Zikangodulidwa pamalipiro, ndiye kuti tabwerera kwa mmodzi mwa khumi uja. Ziyenera kuchokera m'misonkho yomwe aliyense amaikhudza, zikhale m'thumba lakelake losatapidwa pa zina. Dziko lino linazichitapo kale. Mu 1999 linakhazikitsa msonkho wa Edzi, 3 peresenti pamwamba pa msonkho wa malipiro ndi wa makampani, womwe umapita ku National AIDS Council ndipo wathandiza kugula ma ARV. Mu 2017 kunabwera 5 peresenti pa mayunitsi a foni, mu 2024 msonkho wa shuga wa m'zakumwa. Tikufuna tizimva poyera kuti zalowa zingati, zagula chiyani, zafika pachipatala chiti. Munthu amene ndalama zake za penshoni ndi inshulansi zinasanduka mapepala mu 2008, pomwe ndalama ya dziko lino inatha mphamvu, sangakhulupirire ndi pakamwa pokha. Lonjezo la ku Abuja la 2001, loti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, tikulidikirabe.

Ndalamazo ziyambire pakiliniki ya m'dera, osati kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa kokha. Piritsi la BP ndi lotsika mtengo kwambiri. Sitiroko imadya bedi kwa milungu, imachotsa mdzukulu kusukulu kuti azisamalira agogo, imagulitsitsa katundu wa m'nyumba. Chimodzimodzi shuga: kumuyeza msanga n'kotchipa kuposa kudula mwendo. Ndipo amene tinaona kolera wa 2008, yemwe anapha anthu oposa 4,000, kenaka wa 2018 ku Glen View ndi Budiriro, tikudziwa kuti mpopi wa madzi aukhondo ndi mankhwalanso.

Pali china chomwe chimandivuta kunena chifukwa chimaoneka ngati ndikudzikondera. Khadi la inshulansi silitembenuza wodwala pabedi, silibaya dilipu, silimva kuti mwana wasintha kapumidwe pakati pa usiku. Amachita zimenezi ndi namwino, ndipo anzathu ambiri odziwa ntchito anapita ku United Kingdom ndi kwina. Mu 2023 bungwe la WHO linaika Zimbabwe pamndandanda wa mayiko osowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo. Mu 2018 anamwino pafupifupi 16,000 omwe ankanyanyala ntchito anauzidwa kuti achotsedwa, ndipo lamulo la 2023 linaletsa sitalaka yopitirira maola 72. Lamulo lingatseke pakamwa, koma wofuna kupita apitabe. Chingamugwire mwendo ndi malipiro okwanira lendi ndi fizi, magolovesi okwanira, ndi chiwerengero cha odwala chomwe munthu mmodzi angachithe usiku umodzi.

Kwa ife a mtundu wathu palinso nkhani ya zitupa. Alipo agogo ndi adzukulu obadwira konkuno omwe chitupa chawo chimawatchabe alendo, ena alibiretu. Inshulansi ikadzafuna nambala ya chitupa pakhomo, amenewa adzatsala panja, pomwe msonkho wa mayunitsi amalipira tsiku ndi tsiku. Nkhaniyi tiikambe m'mipingo ndi m'masosaite lamulo lisanathe kulembedwa.

Agogo aja anatuluka patatha milungu iwiri. Mdzukulu ndinamuphunzitsa kuwatembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda. Tsiku lotuluka kunabwera amayi atatu a sosaite kudzawanyamula, ndipo wamkulu wawo anandikokera pambali. "Asisita, kamakina koyezera BP kaja n'ndalama zingati? Timakumana Lamlungu loyamba la mwezi. Mungabwere kudzatiphunzitsa?" Ndinawalembera nambala yanga kuseri kwa kabuku kaja.