Uthenga wa matenda ndi maliro m'nyengo ya foni

Gadiyani akangofika mu wodi masiku ano, asanafunse kumene kuli mpopi wa madzi amayamba wafunsa soketi yotchajira foni. Ine monga namwino wogwira ntchito kuno ku Nkhotakota sindiona cholakwika pamenepo. Foni yapulumutsa anthu ambiri. Mayi akayamba kutaya magazi usiku ku Mwansambo kapena kufupi ndi nyanja ya Chia, mlangizi wa zaumoyo amaimba, ife n'kukonzeka wodwala asanafike. Koma pali ntchito ina imene kale inkagwiridwa ndi munthu wotumidwa, yomwe foni singaigwire, ndipo mabanja ambiri aisiya osazindikira kuti inali ntchito.

Amene tinakula mafoni a m'manja asanafale tikukumbuka mmene uthenga wa zovuta unkayendera. Munthu akatisiya, a kubanja ankayamba adziwitsa mwini mbumba ndi amfumu, kenako anyamata n'kutumidwa pa njinga kupita kwa achibale. Amene anali kutali, ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku migodi, ankatumiziridwa telegalamu ku positi ofesi, yolipira potengera kuchuluka kwa mawu, kapena ankamva dzina la m'bale wawo pa mauthenga achisoni a wayilesi ya MBC. Zinali zochedwa, ndipo ambiri ankafika manda atakwirira kale. Zimenezo palibe amene angazilakelake.

Koma taonani zimene wotumidwa uja ankachita akafika pakhomo. Sankayambira pa msewu kukuwa. Ankakhala pansi, kulonjerana ndi eni khomo, n'kuyang'ana kaye amene alipo. Akapeza gogo ali okha, ankadikira kapena kuitana mnansi. Akapeza mayi woyembekezera, ankapatula mwamuna wake pambali. Ndipo kawirikawiri sankanena kuti munthu wamwalira, ankangoti "matenda akula, tiyeni mukaone." Wamkulu aliyense ankadziwa tanthauzo lake, koma mtima unkapatsidwa mpata woti ulandire pang'onopang'ono ali pa ulendo. Kusukulu ya unamwino timaphunzitsidwa zomwezi pouza munthu nkhani yowawa: sankha malo, khazika munthuyo pansi, fufuza zimene akudziwa kale, muchenjeze kuti nkhani si yabwino, ukatero unene momveka, ndipo usamusiye yekha. Makolo athu ankazichita popanda buku.

Mafoni a m'manja anafika m'dziko muno ndi TNM pakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel n'kutsatira mu 1999, yomwe inadzakhala Zain ndipo kuyambira 2010 ndi Airtel. Poyamba mayunitsi anali odula, choncho anthu anazolowera kubipa ndi kulemba meseji. Meseji imodzi ya SMS imalola zilembo 160 zokha, ukapitirira ulipira ziwiri. Ndiye chinayamba kudulidwa n'chiyani? Moni. "Mwadzuka bwanji, nanga ana?" anasanduka zilembo zitatu kapena kusowa kumene. Wina angati moni ndi mwambo chabe, koma pa moni m'pamene umamvera mawu a mnzako, kuti ali bwino kapena nayenso wagona ndi malungo, ali pa khonde kapena ali pa njinga yamoto pa msewu wa M5. Meseji siidziwa zonsezo. Imafika chimodzimodzi kwa munthu amene wakhala pampando ndi kwa amene ali m'bwato pakati pa nyanja.

WhatsApp itafala zinthu zinathamanga kwambiri. Banja lililonse lili ndi gulu lake, mpingo uli ndi lake, mzikiti, anzako a kusukulu, ogwira ntchito ku munda wa nzimbe ku Dwangwa, aliyense lake. Zimene ndimaona mobwerezabwereza ndi izi: wodwala akangotsirizika, tisanatseke n'komwe makatani, wina mwa oima pakhomo la wodi walemba kale pa gulu, wina waika chithunzi cha malemuyo pa sitetasi. Nthawi zambiri si gadiyani weniweni, amene manja ake amakhala akunjenjemera; amakhala mlamu kapena mnzake wongobwera kudzazonda. Pakangotha mphindi zochepa mwana wa malemuyo amene ali ku Johannesburg waona nkhope ya mayi ake pa foni ali pa ntchito, ndipo amaimba akulira kufunsa gadiyani amene sanauze ngakhale atsibweni. Mkangano umene umayambira pamenepo umafika mpaka kumanda.

Thupi nalo limayankha. Munthu akalandira nkhani yodzidzimutsa mtima umagunda mothamanga ndipo magazi amathamanga kwambiri. Ena amakomoka n'kugwa pamene aimapo. Kwa wachinyamata wathanzi zimadutsa. Kwa gogo amene akumwa mankhwala a BP kapena a mtima, kapena kwa wakabaza amene wasuzumira pa foni ali pa liwiro, nkhani ikhoza kubala ina.

Sindikunena kuti uthenga uzichedwa. Kuno kwathu abale athu achisilamu ndi ambiri, ndipo amaika maliro mwamsanga, tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kwa iwo foni yachita chinthu chachikulu: m'bale wa ku Salima kapena ku Kasungu amatha kufika pa nthawi yake, zimene kale zinali zovuta. Ndalama za nsalu, bokosi kapena galimoto zimabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba dzuwa lisanalowe. Chimene ndikunena n'chakuti liwiro ndi dongosolo si adani. Mphindi makumi awiri zoimbira anthu oyenera mmodzimmodzi sizichedwetsa maliro a munthu.

Palinso chinthu china chimene anthu ambiri sachimvetsa, chokhudza timizere ta pa WhatsApp. Kamzere kamodzi kamatanthauza kuti uthenga wachoka pa foni yanu. Tiwiri totuwa, wafika pa foni ya mnzanu. Tiwiri tabuluu, wina wautsegula. Wina ameneyo ndani, timizere sitinena. M'midzi yathu foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi nyumba yonse, imakagona kwa wotchaja wa sola pa msika, ndipo amene amawerengera agogo mauthenga ndi mdzukulu wa sitandade 6. Choncho mukalemba kuti "adokotala akuti ndi khansa", dziwani kuti woyamba kuwerenga akhoza kukhala mwana. N'chifukwa chake ife azaumoyo sitikonda kutumiza zotsatira za magazi pa meseji, makamaka za HIV, ngakhale mwini wake atachonderera kuti thiransipoti yamuvuta. Ndipo mbali inayo ndi yoonanso: timizere tabuluu popanda yankho si umboni woti m'bale wanu sakusamala. Mwina bandulo yatha, mwina netiweki yathawa, mwina sanaone n'komwe. Ndaona magadiyani akusunga chakukhosi pa nkhani ya timizere timeneti ngati kuti ndi mboni ya ku khoti.

Mauthenga a mawu, aja timajambula n'kutumiza, ine ndimawayamikira kuposa olemba. Amayi amene sanapite patali ndi sukulu amatha kufotokoza okha mmene mwana wagonera, ndipo womvera amamva mantha kapena mpumulo m'mawu mwawo. Vuto lake ndi limodzi: amatumizidwanso mosavuta. Mawu amene munauza mchemwali wanu mukulira akhoza kumveka pa gulu la anthu amene simunawaonepo.

Za zithunzi ndinene mosabisa. Wodwala amene ali pa diripi, wavula malaya, sakudziwa za dziko, sangavomere kapena kukana kujambulidwa. Ena amati akujambula kuti achibale akunja akhulupirire n'kutumiza ndalama, ndipo ndimawamvetsa, poti achinyengo apa foni achititsa kuti anthu azikayikira uthenga uliwonse wopempha thandizo. Koma kuimbirana pa vidiyo ndi munthu mmodzi kumakwanira. Chithunzi chikangochoka pa foni yanu simungachibwezenso. Mu wodi mumakhalanso odwala ena amene amalowa m'chithunzicho osadziwa. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza kapena kunyoza ena kudzera pa makina ngati amenewa, koma ulemu wa munthu wodwala suyenera kudikira apolisi.

Palinso otitumizira chithunzi cha zidzolo za mwana usiku n'kufunsa dzina la mankhwala. Pa chithunzi sindingamve kutentha kwa thupi, ndipo malungo sadziwika popanda kuyeza magazi. Wofuna uphungu pa foni aimbe ku Chipatala Cha Pa Foni, ntchito imene inayambira ku Balaka mu 2011, kumene amafunsa mafunso mwadongosolo n'kukuuzani ngati muyenera kuthamangira kuchipatala.

Mabanja amene ndawaona akuyendetsa bwino nkhani zimenezi amachita chinthu chosavuta. Wodwala akangogonekedwa amasankha munthu mmodzi wolankhula, kawirikawiri atsibweni kapena mwana wamkulu, ndipo ena onse amadziwa kuti salemba kanthu pa gulu iye asananene. Zikavuta, iyeyo amaimba, salemba. Amayamba wafunsa kuti "muli kuti, muli ndi ndani?" Ngati ndi agogo kapena mayi wapakati, saimbira iwo mwachindunji, amaimbira mnansi, mkulu wa mpingo kapena shehe wa pafupi, n'kumupempha kuti apite pakhomopo akakhale nawo pansi. Kwa amene ali ku Joni amafufuza mnzake wokhala naye nyumba imodzi. Amuna kapena akazi a malemu, makolo, ana ndi amfumu akamva ndi makutu awo, apo ndiye uthenga umaikidwa pa gulu, ndi tsiku ndi malo a mwambo wa maliro, kuti a mpingo ndi anzake a kuntchito ayambe kukonza ulendo.