Steki yoviikidwa m'mandimu isatandale pa tebulo

Ndatopa nako kumva anthu akunena kuti mandimu ndi viniga amapha tizilombo tonse ta mu nyama, ndiye palibe vuto kuiviika m'mawa n'kuisiya pa tebulo mpaka madzulo. Si zoona. Ntchito ya madzi oviikamo nyama ndi kukometsa ndi kufewetsa pang'ono basi. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo khitchini ya mu Okutobala ili pakati penipeni pamenepo. Mukathira mafuta ophikira, adyo, jinja, tsabola, mchere ndi madzi a mandimu, vindikirani, ikani mu firiji. Maola 2 mpaka 4 akwana. Ngati mulibe firiji kapena magetsi azima, viikani kwa mphindi 30 zokha muotche.

Pali banja lina limene limandiwawabe mumtima ndikalikumbukira. Mayi wa pakhomopo anachita zonse mwachikondi. Nyama anagula yabwino, anaiotcha bwino, koma madzi ofiirira amene anatsala m'mbale, aja anakhala ndi nyama yaiwisi tsiku lonse, anawathira pamwamba pa steki yakupsa ngati msuzi. Ana awiri anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti anachedwa kupita nawo kuchipatala, akuti adikire aone. Mwana akamatsegula m'mimba madzi amatha msanga m'thupi. Mpatseni Thanzi ORS, ndipo mukaona magazi m'chimbudzi, maso alowa m'kati kapena akukana kumwa, nyamukani nthawi yomweyo. Madzi otsala oviikamo nyama aja mukawafuna, awiritseni kaye mpaka abwadamuke. Mbale imene munali nyama yaiwisi isalandirenso nyama yakupsa isanatsukidwe.

Ndiye pali ena amene amalangiza anzawo kuthira Panado kuti nyama ifewe. Chonde, lekani. Amenewo ndi mankhwala, ali ndi mlingo wake, ndipo akachuluka m'thupi amaononga chiwindi. Inde, ng'ombe zathu zambiri zimayenda mitunda kusaka msipu, nyama yake imalimba. Koma yankho lili kwa wogulitsa nyama: pemphani fillet, sirloin kapena rump, aidule yokhuthala masentimita 2 ndi theka. Nyama ya m'miyendo ndi ya mphika, musaikakamize. Mukafuna chofewetsera, papaya wamuwisi ali ndi papain amene amaphwanya minyewa, nanazi nayenso amatero. Pang'ono chabe, kwa nthawi yochepa, apo ayi kunja kwa nyama kumasanduka phala.

Kuotcha kwenikweni n'kwachidule. Pukutani nyamayo iume, chifukwa yonyowa imangowira m'nthunzi yake osapsa mofiirira. Yatsani moto wa pamwamba mu uvuni utenthe kwambiri musanalowetse kanthu, nyama ikhale masentimita ngati 10 kuchokera pa motowo. Mphindi 4 kapena 5 mbali iliyonse. Pa mbaula n'chimodzimodzi, bola makala ayere phulusa kaye, lawi lithe. Ngati munathira shuga kapena uchi, musachokepo, zimapserera mwachangu. Mukachotsa, idikireni mphindi 5 kuti madzi ake asatayikire pa thabwa, kenako dulani mopingasa minyewa.

Okonda yofiira m'kati, tamverani. Pakati pa steki payenera kufika madigiri 63, ndipo nyama yogaya imafuna 71. Nyama ya ng'ombe yosapsa ikhoza kukupatsani njoka za m'mimba zazitali zija, makamaka ngati sinayezedwe ndi a zaumoyo wa ziweto. Funsani chidindo musanalipire. Ndipo ng'ombe yofa yokha, ngakhale aigulitse motchipa bwanji, musaigule ngakhale kuikhudza. Matenda oopsa a anthrax amafala kudzera mu nyama yotere, ndipo mandimu ndi adyo sangakutetezeni.