Bolodi lakalelo musanalikhudze ndi sandipepa, tamverani kaye

Pafupifupi sabata iliyonse kushedi kwanga kumabwera munthu atanyamula bolodi losewerera pa mafunde lomwe lakhala likudya fumbi zaka zambiri, funso lake ndi lomwelo, "abwana, likonzeka ili?" Ndikalitembenuza ndimapeza pabowo amatapo phula, ena tepi, ena mpaka guluu. Ine zimenezi ndatopa nazo. Phula silitseka madzi anthu inu, limangobisa bowo kuti maso anu apume koma madzi akulowabe tsiku lililonse mwapita nalo kunyanja, ndiye pamene mukuti ndikonzetsa mwezi wamawa, foam yamkatimo, chinthu chopepuka chomwe bolodi limasemedwa nacho, ikumwa, ikuda, ikufewa.

Ine sindiyamba ndi kuyang'ana ming'alu ayi, ndimayamba ndalinyamula. Bolodi lomwa madzi limalemera mosagwirizana ndi msinkhu wake, dzanja limadziwiratu. Kenako ndimadina ndi chala chachikulu pamwamba pomwe mumapondapo, ndikugogoda ndi kobiri. Pabwino pamalira gwa gwa, pamene fiberglass, chikopa cholimba chokutira bolodi, yasiyana ndi foam pamamveka pho pho ngati mulibe kanthu mkati, ndipo nthawi zambiri wapalamula ndi dzuwa, bolodi kulisiya m'galimoto yotseka masana onse. Ngati pofufumapo ndi pongokwana chikhatho, timakonza bwinobwino. Ngati ndi theka la bolodi ndipo kathabwa kapakati kaja, stringer, kawola kapena kathyoka, ndimakuuzani pamaso kuti lidzalowa m'madzi inde koma lidzakhala lolemera komanso louma msana, silidzakhotanso momwe mukulikumbukira. Lothyoka pawiri ndi chimodzimodzi, limalumikizika koma silibwerera mwakale.

China chomwe amisiri ongodzipanga sadziwa, ndipo ndi pomwe amaphera mabolodi a anthu, foam siimodzi. Mabolodi ambiri kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi a foam ya polyurethane okutidwa ndi polyester resin, mankhwala amadzimadzi omwe amauma n'kulimbitsa fiberglass. Kampani ya Clark Foam ku California, yomwe inkapanga foam yambiri ya polyurethane ya mabolodi, itatseka mwadzidzidzi mu December 2005, opanga ambiri anatembenukira ku foam ina yotchedwa EPS yomwe imafuna resin ya epoxy. Mukathira polyester pa EPS imaidya pomwepo inu mukuona, kabowo kongokwana chala kamasanduka dzenje. Epoxy imagwira pa zonse ziwiri, polyester ayi. Ndiye munthu akalandira bolodi lanu osafunsa n'komwe kuti mkatimo muli chiyani, litengeni muzipita.

Pali limodzi lomwe mpaka lero limandiwawa. Mnyamata wina anabwera ndi bolodi la malemu bambo ake, la zaka za m'ma 1970, la fin imodzi, kachipsepse kapansi kumchira kaja, zija zinalipo Simon Anderson, katswiri wa pa mafunde wa ku Australia, asanatchukitse za ma fin atatu mu 1981. Anali atalipereka kale kwa munthu wina wopenta magalimoto yemwe anamulonjeza kuti pakatha masiku awiri likhala ngati latsopano. Anachitadi masiku awiri. Anatseka mabowo ndi zomatira bodi ya galimoto foam ili yonyowa, anapala ndi makina mpaka chizindikiro cha wopanga chinachoka, kenako penti yoyera thupi lonse. Nditapala pang'ono kumchira kunatuluka timadzi tofiirira tonunkha, ndinadina chala chinangolowa. Mnyamatayo anandionetsa chithunzi chakale pafoni, pa stringer panali dzina la amene analisema ndi miyezo yake zolembedwa ndi pensulo, zooneka bwinobwino pansi pa resin. Zimenezo zinapita ndi makina aja. Anaima phee nthawi yaitali akusisita pamalopo, ine ndinalibe chomuuza chifukwa foam ndingasinthe, fin ndingapange ina, koma zolemba zija sindingazibweze. Akanabwera nalo lili lachikasu ndi mabala ake, ndikanangoliumitsa, kutseka mabowo ndi resin yoonekera mkati, basi.

Ndiye ndisanayambe ntchito ndimafunsa, mukufuna kuliseweretsa kapena kulisunga? Ngati ndi losunga, chikasu chija musalimbane nacho, ndi dzuwa la zaka zambiri lalowerera mu resin ndi foam, sichichoka ndi sopo, ndipo anthu osonkhanitsa mabolodi akale nthawi zambiri amakonda lomwe silinagwidwegwidwe kuposa lopakidwa penti. Ngati ndi loseweretsa ndipo ndi bolodi wamba lomwe linapangidwa ambirimbiri, werengerani bwino, ntchito yosenda fiberglass yonse ndi kukutanso imatha kudya ndalama zoposa kugula lina logwiritsidwapo kale ntchito lomwe lili bwino, ine ndabwezapo anthu ambiri ndi mawu amenewa ngakhale ndikudziluzitsa ndekha.

Koma chonde chonde, pewani kuchedwa. Mwaboola lero, tulukani m'madzi lero lomwe, tsukani pabowo ndi madzi opanda mchere, tsegulani pang'ono kuti mpweya uzilowa, liimikeni pamthunzi bowo litaloza pansi. Kuuma kumatenga masiku, lomwa kwambiri ngakhale masabata, ndipo musaliike padzuwa kapena pafupi ndi moto poti lifulumire, mudzangolifufumitsa. Ngati mwasankha kupala nokha valani masiki, fumbi la fiberglass si lopumira. Ndipo musatseke bowo mpaka pepala lofewa lomwe mwakanikiza pamenepo lituluke louma.