Madzi a m'botolo salowa m'malo mwa TARV

M'misika ya ku Ulongué ndi Moatize, ku Mozambique, mukumveka zoti madzi a zitsamba ogulitsidwa m'mabotolo "amakweza chitetezo" mpaka munthu wa HIV angathe kusiya TARV, mapiritsi a kuchipatala oletsa kachilomboka kuswana. Limeneli ndi bodza lopha.

Maselo a CD4 ndiwo amamemeza asilikali ena a m'thupi kukalimbana ndi matenda. Munthu wathanzi amakhala nawo pakati pa 500 ndi 1,500 m'maikulolita imodzi ya magazi, kadontho kochepa kuposa njere ya mawere. HIV imalowa m'maselo omwewa n'kumaswana. Maselowa akatsika kuchepera 200, TB ndi matenda oumitsa khosi zimangolowa ngati m'nyumba yopanda chitseko.

Ofufuza anapeza kuti kachilomboka kamabisala m'maselo a CD4 amene ali m'tulo, ndipo maselowa amakhala zaka zambiri. Mapiritsi amakaletsa kuswana, koma sakatulutsa kobisalako. N'chifukwa chake munthu akasiya kumwa, nthawi zambiri kamaonekanso m'magazi pakangotha masabata awiri kapena anayi, iye ali wonenepa bwinobwino.

Botolo lija kachilomboko silikakhudza n'komwe, ndipo zitsamba zina zimavulaza chiwindi. Kuti mudziwe ngati mankhwala akugwira ntchito, kayezetseni carga viral (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) kuchipatala.