Ufa ukatha pakati pa teremu

Mwana akasankhidwa kupita ku sekondale, makolo amathamangira yunifolomu, makope ndi nsapato. Zonsezo n'zofunika ndithu. Koma ife aphunzitsi a m'masukulu oyendera a CDSS timaona kuti chimene chimagwetsa ana ambiri a fomu 1 ndi ufa wotha pakati pa teremu, masamu asanayambe n'komwe kuvuta.

Masukulu ambiri otere alibe malo ogona, choncho mwana wochokera kutali amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, zija timati self-boarding. Mwana wa zaka 14 aphike yekha, achape, akatunge madzi pamjigo, agule makala, kenaka awerenge ndi tochi. Mnzake wa kusukulu yogonera konko ali ndi belu lomudzutsa ndi aphunzitsi omulondalonda. Koma wa self-boarding uja alibe womufunsa kuti wagona kuti.

Phunziro la Life Skills lilipo, ndipo timawaphunzitsa kupanga chiganizo, kudzidalira ndi kukana anzawo akamawakakamiza zoipa. Amaloweza bwino, mayeso a MANEB n'kukhoza. Koma kulemba tanthauzo la bajeti pa pepala n'kosiyana ndi kugwira ndalama m'manja uli ndi njala, mandasi akununkhira pageti. Luso limeneli limabwera pozichita, ndipo malo ake ndi pakhomo panu, pa tchuthi chija mwana akangolemba mayeso a sitandade 8.

Mpatseni ndalama ya ndiwo ya sabata yonse, akagule yekha usipa, tomato ndi mchere, azilemba m'kope chilichonse wagula. Ikatha Lachitatu musawonjezere. Banja lidye nkhwani wotendera mpaka Loweruka, ndipo mukhale naye pansi muwerengetsere limodzi pamene ndalamayo inathera. Ndi bwino alakwitse ali pamaso panu, pomwe mtengo wa kulakwako ndi kusowa nsomba chabe. Ayezenso ufa ndi kapu, adziwe makapu amene amadya pa tsiku, kuti thumba limene mudzamupatse alidziwe masiku ake.

Anyamata musawasiye. Mnyamata wosatha kuthyakula nsima amathera ndalama pa chiwaya cha tchipisi, kapena amayamba kudalira mtsikana womuphikira, ndipo nkhani zotere timazidziwa mathero ake.

Sukulu ikatsegulidwa, Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma zimawononganso mwana ngati mutumiza nthawi iliyonse akaimba modandaula. Gwirizanani tsiku, tinene pa 1 ndi pa 15, ndipo inuyo musaphonye. Apa ndimanena motsindika kwa makolo a atsikana. Malamulo a dziko lino, kuyambira 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, koma wakabaza kapena mwini okala amene akupereka sopo ndi shuga pa ngongole safunsa zaka. Mtsikana wodziwa kuti ndalama ibwera Lachisanu amakana mosavuta kusiyana ndi amene sakudziwa kuti adya chiyani mawa.

Kudziimira payekha kumafunanso kuti mwana adziwe kothawira. Musanamusiye, pitani naye mukaonane ndi eni nyumba, muone ngati chitseko chili ndi loko ndiponso ngati chimbudzi chili pafupi. Mudziwitseni kwa mphunzitsi wa kalasi yake ndi amayi a mother group, muwasiyire nambala yanu, ndipo muzifika nthawi zina mosamuuza, mutsegule thumba la ufa muone pamene lafika.